Mipando ya M'labu

6 Epulo

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi msana wanu uja. Ine ndili bwino. Malume nawonso ali bwino, kungoti akunenepa pamimba pokha ngati munthu wobisa mpira m'malaya. Mundiuze ngati foni yanu inatsitsimuka chigwereni m'ndowa muja. Pakadali pano tiziyamika adalaivala a basi ya m'mawa amene akutinyamulira makalatawa.

Amayi, ndili ndi nkhani yondilemera. Anzanga a m'kalasi anandisankha kukhala wowayimira. Musasangalale msanga. Pakati pa temu pamakhala msonkhano wa aphunzitsi ndi ophunzira, ndipo ine ndiyenera kuimirira n'kunena zimene anzanga akuona pa kaphunzitsidwe ndi kachongedwe ka ntchito zathu. Msonkhanowo uliko pa 28 mwezi uno. Ndatolera maganizo a anthu, ndipo dandaulo lalikulu lagwera phunziro la malume.

Pophunzitsa za kompyuta malume alibe mnzawo, zimenezo aliyense akuvomereza. Vuto ndi Mlonda. Mlonda si munthu, ndi pulogalamu imene anapanga okha yogwirira anthu okopera. Tikatumiza asayimenti, iye amayang'ana laputopu imene ntchitoyo yalembedwera. Zikapezeka ntchito ziwiri zochokera pa laputopu imodzi, amene watumiza pambuyo amapatsidwa ziro, ati wakopera. Sawerenga n'komwe kuti aone ngati zikufanana. Koma amayi, theka la kalasi lilibe laputopu. M'labu ya sukulu makompyuta amoyo ndi owerengeka, ndipo amatseka dzuwa likadalipo. Anthu amabwerekana.

Mukumukumbukira Mlongoti, mnzanga wamtali uja ndinabwera naye pa holide n'kukusokerani mabatani tsiku lonse? Iyeyo amalembera pa laputopu yanga, ija anandipatsa malume n'kundilamula kuti ndisabwereke munthu. Ine ndimalemba n'kutumiza, kenako iye amalemba zakezake, zabwino kuposa zanga. Zotsatira za asayimenti ziwiri zatuluka pamodzi, ndipo zake zonse ndi maziro. Maziro amenewo akakhala choncho salowa m'mayeso. Phunziroli akubwereza, popeza chaka chatha analibe polembera, ndipo akalepheranso achotsedwa sukulu.

Anapita ku ofesi ya malume kukadandaula. Atanena kuti laputopu anachita kubwereka, iwo anati, "Onse okopera amatero. Ngati pali vuto, lidzere kwa wokuyimirani pamsonkhano." Dzina langa sanatchule chifukwa ndinamupempha kuti asatero. Kunyumba kuno sindingayambe nkhaniyi. Mukulidziwa lamulo lawo: pageti la sukulu amavula umalume, pakhomo la nyumba amavula uphunzitsi. Tsono kwatsala pamsonkhano, pamaso pa mkulu wa dipatimenti ndi aphunzitsi anzawo.

Ndikalankhula ndiwachititsa manyazi malume, komanso adziwa kuti sindinawamvere. Ndikakhala chete Mlongoti apita. Ndichite chiyani? Yankhani msanga.

Mwana wanu.

13 Epulo

Mwana wanga,

Kalata yako ndalandira. Msana ulipo, ukundikumbutsa tsiku lililonse kuti ndine wakale. Foni inafa ndithu. Wokonza uja anaitsegula, n'kuitsekanso, n'kundipepesa ngati pamaliro.

Tsono tamvera. Kalata yako ndawerenga kawiri, kachiwiri nditavala magalasi, poganiza kuti mwina maso andinamiza. Iwe ukaimirire pagulu n'kuloza chala malume ako? Munthu amene anakutenga bambo ako atatisiya, n'kukupatsa chipinda chakochako, iwe amene unkagona pakati pa milu ya nsalu za makasitomala anga? Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. M'kalasi monsemo anzakowo anasowa wina womutuma, mpaka kusankha mwana wa m'nyumba? Akukuchenjerera, mwanawe. Akufuna makala awapale ndi dzanja lako.

Mlongoti ndimamukonda, mabatani ake mpaka lero sanathothoke. Koma malume ako si mwana. Ngati chinthu chawocho chalakwitsa adzachiona okha, anachipanga ndi iwo. Pamsonkhanopo ukanene zina. Sukulu yonseyo ilibe zenera losweka kapena mpando wothyoka? Ukanene zimenezo, ukhale pansi.

Usandiyankhe zambiri pa nkhaniyi, ndatha. Unditumizire singano za makina, zazing'ono zija, kuno zasowa.

Amayi ako.

13 Epulo

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira ntchito ikuyenda. Ndalemba mwachidule chifukwa adalaivala akuliza kale hutala.

Mwana wanuyo mumuyang'anire. Ndamva kuti anzake a m'kalasi akumuyika mawu m'kamwa okhudza ntchito yanu. Ndamudzudzula kale. Akadzalankhula zosayenera pamsonkhano wanuwo, mudziwe kuti si nzeru zake, mumukhululukire. Musamuuze kuti ndakulemberani.

Mlongo wanu.

22 Epulo

Mwana wanga,

Singano zafika, zikomo. Pamodzi ndi singanozo sindinapeze ngakhale kapepala ka moni, ndiye ndadziwa kuti wakwiya.

Dzulo kunabwera mayi wa nyumba yachiwiri ija kudzabwereka makina kuti asokere ana ake mayunifolomu. Ndinamukokera mpando, ndinamupatsa ndi ulusi womwe, osaganizako kawiri. Nditakhala pambali n'kumamuyang'ana akupalasa, zinandibwerera. Malume ako ali pa msinkhu wakowo analibe kompyuta. Ankapita kwa kalaliki wina wa pa ofesi ya zamalonda, n'kumadikira pakhonde kuti mwini wake aweruke, iwo alembereko. Ine ndemwe ndinkawaperekera chakudya kumeneko. Kukanakhala Mlonda masiku amenewo, lero bwenzi tikusokera limodzi mayunifolomu.

Ndinalankhula mopupuluma, mwana wanga. Ndinaona chipinda chako ndi mbale yako, sindinaone mwana wa mnzanga. Pajatu mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Ukalankhule. Ukayambe ndi kuyamika kaphunzitsidwe kawo, popeza ukuti n'kabwino. Kenako ukanene za Mlonda mofatsa, osakweza mawu, osagwira m'chiuno ngati mmene umachitira ukamakangana ndi ine. Za laputopu ukanene kuti ndinakulamula ndine kuti uzibwereka mnzako. Akakwiya akwiyire ine, tinazolowerana kale.

Kalatayi ndawapatsa adalaivala m'manja, ikupeza tsiku lisanafike.

Amayi ako.

30 Epulo

Mlongo wanga,

Ndalandira moni wako. Ife kuno tili bwino. Msana umenewo upite nawo kuchipatala, usamangoumanga ndi nsalu.

Ndikuthokoze chifukwa cha kalata yako. Inafika pa nthawi yake. Masabata apitawa ophunzira analemba maganizo awo pa timapepala topanda maina, monga timachitira temu iliyonse. Pa phunziro langa ambiri analemba za pulogalamu yanga yogwira okopera. Wina anati ndi yakhungu. Wina anati imadana ndi amphawi. Mawu amenewo anandibaya, sindikubisa, ndipo ndinali nditaganiza zoti Loweruka nditsegule ntchito za anthu ogwidwawo ndiziwerenge ndekha. Kenako kalata yako inafika, ndipo ndinamvetsa. Anapangana. Atalephera kubera mayeso anaganiza zobera mwana wa m'nyumba mwanga. Loweruka limenelo ndinangochapa galimoto.

Pulogalamu imeneyi ndinaipanga chaka chino chifukwa cha mwana wakoyu. Sindinafune kuti munthu adzanene kuti ndimakondera. Ndinaikonza moti isandionetse dzina kapena nkhope, ingopereka chiweruzo. Anthu atero kuti ndine wouma mtima, koma sangatero kuti ndine wokondera.

Msonkhano unachitika dzana. Ndinapita nditamanga lamba, ndikudikira nkhondo. Mwanayu anaimirira, nati mipando ya m'labu ndi yothyoka, ina ilibe potsamira, ndipo chowonetsera zithunzi pakhoma chikuwala mofooka. Mkulu wa dipatimenti anamufunsa kuti, "Nanga pa kachongedwe ka ntchito, palibe?" Iye anati palibe. Anamufunsanso, popeza naye anali atawerenga timapepala tija. Anabwereza kuti palibe.

Mtima wanga unakhala pansi. Mwanayu ndimamudziwa, sanama. Pakanakhala vuto lenileni akananena, ngakhale nditakhala malume ake. Mkuluyo naye anatero, n'kutseka nkhaniyo. Malikisi ndapereka monga analili.

Unamulera bwino. Kungoti masiku ano sakudya. Akuti ndi mantha a mayeso.

Mlongo wako.

12 Meyi

Amayi,

Moni. Kalata yanu ya pa 22 Epulo yandipeza lero. Adalaivala aipeza pansi pa mpando wawo pamene amasesa m'basi. Ili ndi chidindo cha nsapato ndi dontho la mafuta. Anandipatsa akuseka, akuti, "Pepa mwanawe, koma mawu sawola." Ndinaiwerengera pa depoti pomwepo, ndipo ndinalira mpaka mayi wogulitsa madzi anandifunsa kuti wamwalira ndani.

Ndinachita zimene munanena poyamba. Ndinanena za mipando. Pepala la madandaulo a anzanga linali m'thumba la siketi, ndikulimva likundikanda pantchafu. Mkulu wa dipatimenti anandifunsa kawiri. Kachiwiriko ndinatsegula pakamwa ndithu, koma ndinayang'ana malume. Anali atapinda manja, nkhope itauma ngati munthu amene akudziwa kale zimene ndikufuna kunena ndipo wakonzeka kundida. Sindinawaonepo akundiyang'ana choncho. Ndinati palibe.

Mlongoti ankandidikira panja, atatsamira khoma, chikwama chili pamapazi.

"Zayenda bwanji?" anatero.

"Akuti aona," ndinatero ine.

"Aona chiyani? Wanena?"

Ndinayang'ana pansi. Iye anandiyang'ana kuchokera kumwamba kwakeko, natola chikwama. Madzulo ake kalasi yonse inali itamva za mipando. Tsopano ndikalowa m'labu wina amakoka mpando n'kunena kuti, "Khalani apa abwana, uwu ndi wabwino."

Maina a olowa m'mayeso anakhomedwa sabata yatha. Lake palibe. Ndinapita kumene amagona, ndinapeza matiresi atapindidwa, pa msomali patatsala hang'ala yokha. Wogona naye anati ananyamuka m'mawa osatsanzika munthu. Anandisiyira chingwe chotchajira laputopu chimene chinali kwa iye, atachikulunga bwinobwino n'kuchimanga ndi ulusi. Panalibe mawu alionse. Foni yake sikugwira.

Sindikukuimbani mlandu, amayi. Munalemba kawiri, ine ndinafunsidwa kawiri. Pakamwa panali panga. Koma ndikufunseni chinthu chimodzi: malume anadziwa bwanji kuti andiyang'ane choncho?

Mwana wanu.

2 Juni

Mlongo wanga,

Moni ndikupatsa, koma za umoyo ndifunsa ulendo wina.

Lamulo langa loti za sukulu sizilowa m'nyumba lathyoledwa. Lamlungu lapitalo tili pa tebulo, mwana wako anakankha mbale, n'kuikapo laputopu ija ndinamupatsa. Pamwamba pake anaikapo kalata yako yodetsedwa ndi nsapato. Anati, "Malume, mundithamangitse mukamaliza kuwerenga, koma muwerenge." Ndinawerenga. Za kalaliki uja ndinali nditaiwala, kapena nditero kuti ndinali nditasiya kuzikumbukira.

Kenako ananditsegulira ntchito ziwiri, yake ndi ya mnzake wamtali uja. Sizifanana ngakhale pang'ono. Ya mwana wako ndi yabwino. Ya mnzakeyo ndi yoposa zonse zimene ndachonga chaka chino, ndipo ndinaipatsa ziro ndisanaione. Mtsikanayo anabwera mu ofesi yanga, anaima pakhomo chifukwa sindinamuuze kuti akhale, ndipo anandiuza zoona. Ine ndinamuyankha ndikuyang'ana pa kompyuta.

Ndinatsegula ntchito za onse amene anagwidwa. Okopera enieni analipo, koma ochepa. Ena onse mlandu wawo unali wosowa laputopu. Ana anandilembera zimenezi pa timapepala tawo, momveka bwino. Timawapempha temu iliyonse kuti atiuze zoona, ndiye atatiuza ndinati apangana.

Ndinapita kwa mkulu wa dipatimenti ndekha. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Malikisi akonzedwa. Olakwiridwa alemba mayeso apadera mwezi wamawa, ndipo Mlonda ndamuchotsa ntchito. Onse tawapeza kupatula mmodzi. Kalata yomuitana mtsikanayo ili pa tebulo langa, yosainidwa, yopanda kopita.

Mwana wako wandifunsa chimene chinandiumitsa nkhope tsiku lija. Ndamuuza za kakalata kako, usandikwiyire, zobisa zatikwana. Sindikukuda. Iwe unalemba mizere yochepa yopepesera mwana, ine ndinawerengamo zimene ndinkafuna kumva kuti ndisatsegule ntchito zija. Ndikanangozitsegula Loweruka lija m'malo mochapa galimoto.

Mtsikanayu anakhalako kwanu pa holide. Ngati anatchulapo kwawo, kapena wachibale aliyense, ndilembere lero lomwe. Ulendo uno kalatayo upatse kondakitala.

Mlongo wako.

9 Juni

Achimwene, ndi iwe mwana wanga,

Ndalemba kalata imodzi kuti muwerengere pamodzi. Zolembera uyu padera, uyu padera, ndasiya.

Ndikukumbuka kuti posoka mabatani paja anatchula azakhali ake amene ali ndi kashopu kojambula mapepala pafupi ndi khoti, m'tauni ya kwawo. Zina sindikudziwa. Mwana wanga, upite wekha. Kalata ya sukuluyo uinyamule m'manja mwako.

Ukamupeza umuuze kuti amene anatseka pakamwa pako ndi ine. Sindikugwira ntchito bwino masiku ano. Ndikaona batani ndimasiya kusoka.

Ine wanu.

20 Juni

Amayi,

Moni. Ndabwerako dzulo. Malume akuti ndikulembereni ndine, iwo mawu awathera.

Ndinamupeza. Kashopuko n'kakang'ono, kali pakati pa malo ometera ndi sitolo ya nsapato. Muli makina ojambula mapepala, kompyuta imodzi yakale, ndi benchi la makasitomala. Mlongoti amakhala kuseri kwa kauntala, mutu utatsala pang'ono kugunda shelefu. Amalembera anthu makalata ofunsira ntchito ndi madandaulo a kukhoti. Nditafika anali akulembera bambo wina wachikulire, ndiye ndinakhala pa benchi n'kudikira nthawi yanga ngati wina aliyense. Zala zake zikadali zothamanga.

Bamboyo atatuluka ndinamupatsa kalata ya sukulu. Anaiwerenga yonse mpaka pa siginecha ya malume.

"Makope angati?" anatero.

"Si yojambula. Ndi yako. Mayeso apadera ali mwezi wamawa. Malume akuti ntchito yako inaposa kalasi yonse."

"Ndinkadziwa," anatero. Sananene monyada, anangonena.

Ndinamuuza zonse. Za kalata yanu yoyamba, za yachiwiri imene inagona pansi pa mpando, za nkhope ya malume. Ndinamuuzanso uthenga wanu. Anamvetsera akukonza mapepala m'makina. Nditamaliza anati, "Amayi ako uwapatse moni. Iwo sanali m'chipinda cha msonkhanocho."

Kenako anandiuza zake. Atafika kwawo, bambo ake anafunsa chimene wabwerera temu isanathe. Iye ananena zoona, koma pepala la zotsatira linali litalemba kuti anakopera. Bambo akewo anakhulupirira pepala. Anauza abale onse, ndipo kusukulu ana amamunena mng'ono wake kuti ndi m'bale wa wakuba. Ndiye anachoka n'kubwera kwa azakhali.

"Kalata iyi ndikaiwerengere ndani?" anatero. "Ndiziyenda nayo khomo ndi khomo? Kawiri konse ndalowa m'kalasi imene ija. Ndatopa, mnzanga. Mwina chaka china."

Amayi, inu mukudziwa tanthauzo la chaka china.

Ndinatulutsa laputopu m'chikwama. Malume anati ndimupatse ikhale yakeyake, ine andipezera ina. Anaikankhira kwa ine ndi chala chimodzi, mofatsa. Kalata yokha anaipinda n'kuiyika pansi pa kabokosi ka mapini. Sindikudziwa ngati anaisunga kapena anangofuna kuti ichoke pa kauntala.

Kunalowa mayi wina ndi mapepala ake, ndiye ndinaimirira. Ndili pakhomo anandiitana ndi dzina limene amanditchula tikamaseka. Ndinaganiza kuti wasintha maganizo.

"Mipando ija anakonza?" anatero.

Sanali kundinyoza, amayi, ankangofuna kudziwa. Ndinangovomera ndi mutu n'kutuluka.

Anakonzadi. Anabweretsa yatsopano sabata yatha, yofewa, yokhala ndi potsamira ndi timatayala pansi. Pa bolodi la dipatimenti akhomapo chikalata chachikulu chonena kuti ophunzira analankhula ndipo sukulu yamva. Anzanga asiya kundiseka, ena ayambanso kundipatsa moni. Ine ndimakhala pamalo panga pakale, pafupi ndi zenera. Mpando wa pambali panga ukadali m'pulasitiki yake, ndipo ndikaona munthu akubwera ndimaikapo chikwama.

Mwana wanu.